Chithunzi cha Lucretia m'kalasi mwanu

Mphunzitsi mnzanga, pokonzekera phunziro la mbiri ya Aroma mungakumane ndi chithunzi cha mayi ataimirira yekha, mpeni uli m'dzanja. Ameneyu ndi Lucretia. Anayamba kumujambula ndi Raphael, kenaka Marcantonio Raimondi anagoba chithunzicho pa mbale ya mkuwa mumzinda wa Rome cha m'ma 1510. Mbale yotere ankaipaka inki n'kumadindira mapepala ambirimbiri, n'chifukwa chake chithunzichi chinafika kutali.

Nthano yake imati Sextus Tarquinius, mwana wa mfumu, anagwiririra Lucretia. Mayiyu ataulula nkhaniyi anadzibaya, ndipo anthu atakwiya anathamangitsa mfumu m'chaka cha 509 BC.

Ana adzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, ankaonekadi chonchi?" Ayankheni mosabisa. Raimondi anagoba chithunzichi patatha zaka pafupifupi 2,000, ndipo ngakhale Livy, amene analemba nthanoyi, anailemba patapita zaka pafupifupi 500. Chithunzichi chikutiuza zambiri za amisiri a mu 1510, amene ankasirira ziboliboli zakale, kuposa za mayiyo.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa n'china. Pachithunzipo pali mawu a Chigiriki otamanda imfa kuposa kukhala ndi manyazi. Taganizani. Ine ndimaphunzitsa kuno ku Cowdray Park, ku Bulawayo, ndipo m'kalasi lodzaza ngati athuwa simungadziwe kuti ndi mwana uti wasenza chinsinsi chotere. Kwanuko n'chimodzimodzi. Mukangokweza pepalalo n'kunena kuti "uyu anali mayi wolimba mtima", mtsikana wakhala phee kumbuyo uja wamva phunziro lina, losiyana ndi limene munalemba mupulani yanu.

Ena amati bwanji osangochisiya chithunzicho. Ine ayi, ndimachionetsa ndithu, koma ndimakhalitsa pa zimene Raimondi sanagobe. Malinga ndi Livy, Lucretia anaitana bambo ake ndi mwamuna wake, Collatinus, n'kuwauza zonse. Iwo anamukhulupirira, namuuza kuti wolakwa si iye. Gawo limenelitu mbale ya mkuwa inalisiya.

Choncho afunseni ana kuti wolakwa ndani, ndipo bwanji sakuoneka pachithunzi. Afunseninso kuti akanakhala abale ake akanachita chiyani kuti mayiyu akhale ndi moyo. Kenaka apatseni mapepala ajambule Lucretia akufotokozera bambo ake. Iwo akujambula, ine ndimalemba pakona ya bolodi nambala yaulere ya Childline kuno ku Zimbabwe, 116, ndipo sindiifufuta mpaka sabata ithe.