Moto uli kwa amalume, muyeso uli kusukulu

Aliyense wa ife amene anakulira kukomboni anapindapo waya n'kupanga galimoto ya matayala a zitsekero za mabotolo ndi chiwongolero chofika m'chiuno. Galimoto yotero injini yake ndi miyendo ya mwini wake. Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale muno mu Chipata, ndipo chimandiwawa n'chakuti ambiri timathera pa waya pomwepo.

Kunja kuli anthu amene amapanga tiinjini tokwana m'manja kuseri kwa nyumba zawo, ndipo timazunguliradi. Chiwalo chilichonse amachijambula pa kompyuta, makina a 3D printer n'kuchiumba ndi pulasitiki. Chapulasitikicho amachikwirira mumchenga wosakaniza ndi dongo, n'kuchizula mosamala, ndipo m'mphako yotsalayo amathiramo chitsulo chosungunuka. Ana a m'kalasi mwanga akaona zimenezi pa YouTube amangoti, "Aphunzitsi, izo n'za azungu."

Komatu ine ntchito imeneyi ndinaiona ndili mwana, kwathu kwa Pembamoyo, kumbali ya Chadiza. Amalume anga ankapanga mapoto a aluminiyamu. Ankatenga poto wakale, kumuika m'bokosi la matabwa la zigawo ziwiri, n'kutsendera mchenga wosakaniza ndi dothi la pachulu. Ng'anjo yawo inali dzenje la makala, ndipo ine ndinkazungulitsa wilo la njinga lopemerera moto mpaka mkono kuchita dzanzi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, kutentha kumene makala opemereredwa amakupitirira mosavuta.

Amalumewo sanapite patali ndi sukulu, koma ankadziwa kuti mapisitoni a galimoto zakufa amatulutsa poto wosalala kuposa zitini za zakumwa. Chifukwa chake ndinakachimva ku yunivesite: m'mapisitoni muli silikoni, amene amathandiza chitsulo kuyenda bwino m'chikombole. Ankafinya mchenga m'dzanja n'kudziwa ngati wanyowa kwambiri, pakuti madzi akakumana ndi chitsulo chamoto amasanduka nthunzi n'kuchithovutsira kumaso.

Chimene analibe ndi muyeso. Poto akakula kapena kuchepa ndi mamilimita awiri, nsima ipsabe. Pisitoni ikachepa choncho, mpweya umathawira m'mbali ndipo injini siyenda. Aluminiyamu akamazizira amafota pafupifupi mamilimita 13 pa mita iliyonse, choncho chifanizo chokwirira mumchenga chiyenera kukulirapo pang'ono, ndipo mbali zake zipendekeke kuti chizuke osagumula mchenga. Amenewa ndi masamu a giredi 9. Ana anga amawakhoza pa mayeso, koma sanagwirepo mbaniro. Amalume anagwira mbaniro moyo wawo wonse, koma palibe anawaonetsapo chojambula cha injini.

Azungu enieniwo ena anayambira pa dzenje la makala. Ku America, David Gingery anayamba kutulutsa timabuku m'chaka cha 1980 tophunzitsa munthu kusungunula aluminiyamu wakale pa makala mpaka kudzipangira makina osemera zitsulo. Pafupi pompano, ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, William Kamkwamba anaona chithunzi m'buku la mulaibulale, ndipo mu 2002 anaimika chopukusa champhepo chopanga magetsi pogwiritsa ntchito njinga ndi zitsulo za kudzala. Iye buku ndi manja zinakumana mwa munthu mmodzi. Kwa ambiri a ife zimapita padera.

Makina a 3D printer si ofunika poyamba. Chojambula cha kainjini ka silinda imodzi, kotha kuyenda ndi mpweya wa pampu ya njinga, chimapezeka pa intaneti. Mukachisindikiza papepala, mumata pathabwa lofewa n'kusema motsata mizere. Zotsala ndi tupa, chobowolera ndi kupirira.

Nthawi ndiyo ikutithera. Amalume maso anafooka, ndipo ana awo anasankha kukwezetsa anthu pa njinga zamoto. Temu ino ndinawatengera chojambula ndi chifanizo cha gudumu la injini chimene mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anasema. Anachitembenuza kangapo n'kunena kuti, "Mphwanga, apa pachindikala, padzalowa dzenje pozizira. Muuze apungule." Buku langa limanenanso chimodzimodzi.

Pamsika wa kwanu mwina pali bambo wogulitsa mapoto otuwa, olemera aja. Mukam'funse kumene amathirira chitsulo, ndipo popita mutengeko rula.