Amayi ako asasiye warfarin chifukwa cha mantha

Mwana wanga,

Chandilembetsa kalatayi ndi mankhwala oletsa magazi kuundana amene madokotala anapatsa amayi ako, aja otchedwa warfarin. Ndamva kuti chiyambire kuwamwa, akamatsuka m'kamwa nkhama zimatuluka magazi, ndipo akangodzigunda pachitseko pamkono pamada, moti abale ena ayamba kunena kuti awaleke. Poti ukuwasamalira ndiwe, ndati ndikuuze maganizo anga mosabisa: mlongo wangayo asasiye mankhwalawa popanda dokotala kunena. Chimene uyenera kuopa kwambiri ndi kusinthasintha, kaya pa kamwedwe, pa zakudya, kapena pa mankhwala ena owonjezera.

Uyambe wamvetsa chimene akuwamwera. Mtima wawo ukugunda mosalongosoka, vuto limene madokotala amati atrial fibrillation. Zipinda zam'mwamba za mtima zikamangonjenjemera m'malo mopopa, magazi ena amaima pakona n'kuyamba kuundana, monga zinyalala zimaunjikana pamene mtsinje wafooka mphamvu. Kantchintchi kameneko kakathothoka kamatha kukatseka mtsempha wa mu ubongo, ndipo imeneyo ndiye sitiroko. Munthu wa vutoli amakhala pangozi ya sitiroko kuwirikiza pafupifupi kasanu poyerekeza ndi mnzake wa mtima wabwinobwino, pamene warfarin amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngoziyo. Chovuta n'chakuti magazi a pamswachi amaoneka ndi maso ndipo amaopsa m'mawa uliwonse, koma sitiroko imene yapewedwa palibe amaiona. N'chifukwa chake mabanja ambiri amasiyitsa wodwala mankhwala ali ndi mtima wabwino ndithu, n'kudzazindikira mochedwa pamene gogo wafa mbali imodzi ndipo sakuthanso kulankhula.

Alipo amene adzakuuze kuti warfarin ndi mankhwala a makoswe. Sakunama: anayamba kugulitsidwa ku America ngati opha makoswe mu 1948, ndipo anavomerezedwa kupatsidwa kwa anthu mu 1954. Koma chimasiyanitsa ndi mlingo, ndipo zaka zonsezi madokotala akhala akuphunzira kuuyeza. Ena adzati bwanji osangomwa aspirin wotchipa uja. Zimenezi zinayesedwa ku Birmingham, ku England, pa anthu 973 a zaka 75 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Pa anthu 100 aliwonse, pachaka, pafupifupi 4 mwa omwa aspirin anagwidwa sitiroko yoopsa kapena vuto lofanana nayo, pamene mwa omwa warfarin anali osakwana 2, ndipo kutaya magazi koopsa sikunachuluke mwa a warfarin. Enanso adzati nkhalamba imagwaigwa, ikadzamenyetsa mutu magazi adzatayikira mkati. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo sindikuwapeputsa. Komabe akatswiri a ku Canada atawerengetsera mu 1999 anapeza kuti wokalamba wa mtima wotere angafunike kugwa pafupifupi ka 295 pachaka kuti ngozi ya kugwayo ipose phindu la mankhwalawa. Choncho nzeru ndi kuchepetsa kugwako: ndodo m'manja, tochi pambali pa bedi usiku, ndi kukonza njira yoterera yopita kubafa.

Tsono pamene pagona nkhani ndi apa. Warfarin amagwira ntchito potchinga vitamini K, amene chiwindi chimafuna popanga zinthu zoundanitsa magazi. Mankhwala akachepa mphamvu, ntchintchi zija zimabwerera. Akapitirira, munthu amatuluka magazi osaleka. Kuyeza magazi kumene amati INR ndi kumene kumasonyeza pamene munthu waima, ndipo kwa anthu a vuto ngati la amayi ako nambala yofunika nthawi zambiri imakhala pakati pa 2 ndi 3. Vitamini K ameneyu wadzaza m'ndiwo zathu zamasamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu, kholowa. Ambiri akamva zimenezi amathamangira kuletsa wodwala masamba onse, komwe n'kulakwitsa, chifukwa thupi lokalamba limawafuna ndipo mlingo wa mankhwala umakonzedwa molingana ndi mmene munthu amadyera. Chimasokoneza ndi kudumphadumpha. Taganiza mmene chaka chimayendera kwathu kuno: mvula ikagwa, mphika wa masana ndi wa madzulo womwe umakhala wa nkhwani wotendera, koma pofika Okutobala masamba asowa kapena adula, mbale yadzaza nyemba ndi usipa. Mlingo womwewo wa mapiritsi umene unali wokwanira mu Febuluwale ukhoza kukhala wopitirira m'chilimwe. Ndiye uziyesetsa kuti masamba azipezeka pang'onopang'ono masiku onse, ndipo nyengo ikasintha kadyedwe, upite nawo akayezetse.

Kusintha kwina koopsa kwambiri kumalowa m'nyumba ndi mankhwala ena. Wokalamba sasowa pomupweteka, ndipo mdzukulu akatumidwa pagolosale amabwera ndi Brufen, diclofenac, Indocid kapena aspirin. Onsewa amakanda m'mimba ndipo akakumana ndi warfarin amatha kutulutsa magazi mkati. Panado ndiye wabwinoko, koma nayenso asamwedwe wambiri kwa masiku ochuluka osauza dokotala. Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amakweza mphamvu ya warfarin mwadzidzidzi, pamene rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amaifooketsa kwambiri. N'chifukwa chake kabuku kawo ka kuchipatala kasamatsale kunyumba, ndipo kulikonse kumene mwapita, ngakhale kukazula dzino kapena kukabayitsa jakisoni, mawu oyamba akhale akuti amayiwa amamwa warfarin. Za zitsamba ndinene mosapsatira: palibe angakuuze mphamvu imene ili m'botolo la mizu, ndipo kutema mphini munthu amene magazi ake amachedwa kuundana ndi kumuika pangozi. Mowa nawo, makamaka womwa wambiri tsiku limodzi pamwambo, umasokoneza mlingo. Mapiritsi azimwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Akaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo amwe, koma likadutsa asadzamwe awiri mawa lake pofuna kubweza.

Pali dandaulo limodzi limene ndimaliona kuti ndi lolemera kuposa onse, ndilo la ndalama ndi mtunda. INR sayeza pachipatala chilichonse cha kumudzi, thiransipoti yakwera, ndipo kumwa warfarin miyezi yambiri osayezetsa ndi ngozi yeniyeni. Pamenepa sindikuuza kuti ungolimba mtima. Ukaona kuti ulendowo sukutheka, ukamuuze dokotala momwe zinthu zilili, chifukwa alipo mankhwala atsopano monga apixaban ndi rivaroxaban amene safuna kuyezetsa pafupipafupi ndipo sasokonezedwa ndi masamba. Koma ndi odula, mphamvu yake imatha msanga munthu akangodumphitsa tsiku, ndipo si a aliyense. Amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima sayenera kuwamwa, komanso kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022 anasonyeza kuti kwa amene valavu zawo zinawonongeka ndi matenda a rheumatic fever, ofala kuno ku Africa, warfarin ndiye amateteza bwino kuposa rivaroxaban. Woyenera kusankha ndi amene anaunika mtima wa amayi ako. Ife a pabanja mbali yathu ndi kusonkha ya ulendo, ndipo nkhani imeneyi ndiikamba ndi azichimwene ako kuti katunduyu asakhale wa iwe wekha.

Magazi pang'ono a m'nkhama amangofuna mswachi wofewa ndi kukamutchulira dokotala paulendo wotsatira. Koma ukaona chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wofiira, masanzi a magazi, kamfuno wosaleka ngakhale mwatsina mphuno kwa mphindi 10, kapena mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, musagone kunyumba. Chimodzimodzi pakamwa pakapotoka, mkono ukafooka kapena mawu akayamba kusamveka. Akagwa n'kumenyetsa mutu, upite nawo ngakhale akukana kuti ali bwino, pakuti magazi a m'mutu amatha kutayikira pang'onopang'ono kwa masiku. Kuchipatala ali ndi vitamini K ndi njira zina zobwezera mphamvu ya warfarin, bola mufike msanga.

Upereke moni kwa amayi akowo ndi kwa ana onse.

Ndine malume ako.