Wamasiye wa ku Mchengautuwa

Dzina la Mchengautuwa, mu mzinda wa Mzuzu, silinama: mchenga wake ngoyeradi, ndipo m'mwezi wa June chisanu cha kumeneko chimalowa m'mafupa. M'mawa wina wotere ndidaona mnyamata wandevu kale akuwaza nkhuni pakhomo pa gogo wina wa Umanyano. Ndidayesa ndi mwana wawo. Anansi adandiuza kuti amayi ake adamwalira iye ali wamng'ono, ndipo gogowa ndi achitatu kumsunga. Awiri oyambawo adawaperekeza kumanda.

Pobwerera ndidakumbukira namgumi wina wa mtundu wa orca, wotchedwa Onyx, wa m'nyanja ya mchere ya Salish, pakati pa Canada ndi America. Amphongo a kumeneko sachoka kwa amayi awo moyo wonse. Ngakhale atakula misinkhu, mayi amagwirabe nsomba n'kuwabenthulirako, ndipo mayiyo akafa, ambiri sakhalitsa.

Onyx adabadwa mu 1992, mayi wake nafa mu 2005. Iye adasiya gulu la kwawo nayamba kutsata nkhalamba yaikazi ya gulu lina. Itafa mu 2008 adatsata inzake. Nayonso itafa mu 2010 adasamukira ku gulu lachitatu, kwa Spieden, kenaka kwa Granny, amene adafa mu 2016. Umasiye kasanu konse, koma sadasambire yekha.

Ku Mchengautuwa ndamva kuti gogo aja ayamba kudwaladwala. Mnyamata uja tsopano amagona pakhonde pawo, kuti akatsokomola usiku awamve.