Gasi Satha, Amathawa

Kuno kwa Kalindawalo, ukadandaula kuti aircon ya motoka yafa, usayembekezere kuti wina akumvera chisoni. Anzako amangoseka n'kukukumbutsa kuti mawindo alipo anayi. Ambiri amaiona ngati chinthu cha mabwana, ndipo oyendetsa mataxi pa boma la Petauke anaizimitsa kalekale ponena kuti imadya mafuta. Sanama, imadyadi.

Maganizo amenewa amakoma mu June, mphepo ikamaomba yozizira. Akafika October nkhani imasintha, makamaka kwa munthu wopita ku Lusaka. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 400. Ukapitirira Nyimba ndi nthochi zake, n'kudutsa Kacholola, msewu wa Great East umayamba kukhotakhota m'mapiri kutsikira ku mlatho wa Luangwa. Kuchigwa kumeneko kutentha kumafika madigiri 40. Ukatsegula windo, mphepo yolowa imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa, yosakanikirana ndi utsi wa lupsa.

Amayi anga ali ndi matenda a mtima, ndipo madokotala anawalembera kuti azikaonedwa ku Lusaka miyezi itatu iliyonse. Basi saikwanitsa, miyendo imawatupa. Choncho ndimawanyamula pa Toyota Corolla yanga, imodzi mwa zija zimabwera zogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Aircon itayamba kutulutsa mphepo yofunda, ulendo umodzi wokha unandikwanira. Amayi anangoti, "Mwana wanga, tseka windolo, mphepoyi ikundiotcha." Nditatseka, anayamba kupuma mobanika. Kwa ine nkhani ya ubwana inathera pomwepo.

Woyamba kuiona anali mnyamata wa silinda ya gasi m'mbali mwa msewu. Anangogwira paipi imodzi n'kunena kuti, "Gasi watha, bosi." Anathira, mphepo inazizira, ndinalipira. Patatha milungu iwiri yokha tinabwerera pomwe tinali.

Amene anandilongosolera bwino ndi mdala wina wokonza mafiriji, yemwe amagwiranso zamamotoka. "Atate," anatero, "gasi uyu si petulo. Satha ayi, amathawa. Mukatunga madzi m'chidebe chobooka, vuto lili kuchitsime kodi?"

Anatsegula boneti n'kundionetsa njira yonse. Gasi amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Kompresa, yomwe imayendetsedwa ndi lamba wa injini, imamupanikiza mpaka atenthe. Kenako amalowa mu kondensa, kachitsulo kopyapyala kamene kali kutsogolo kwa radiyeta, komwe mphepo imamuziziritsa n'kusanduka madzi. Akadutsa pa kavalavu kopapatiza amalowa mu evaporator, kuseri kwa dashibodi, ndipo posandukanso mpweya amayamwa kutentha kwa m'kati mwa motoka. Atatero amabwerera ku kompresa. Palibe pomwe amapsa, palibe pomwe amadyedwa. Ngati wachepa, ndiye kuti pena pake pabooka.

Mitengo yokonzera ili ngati makwerero, ndipo nzeru n'kuyambira pansi. Pansi penipeni pali fyuzi ndi rilei, zomwe mtengo wake suposa wa nkhuku. Pamwamba pake pali sefa ya mphepo kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo. Fumbi la misewu yathu ya kumidzi limaitseka mpaka mphepo kulephera kudutsa, munthu n'kumaganiza kuti makina onse afa. Kondensa nayo imatsekeka ndi matope ndi njere za udzu, ndipo nthawi zina kuitsuka ndi madzi kumakwana. Kenako pali timphira ta m'malumikizo a mapaipi, tomwe timauma ndi ukalamba. N'totchipa, koma kuti utisinthe uyenera kutulutsa gasi yense n'kuthira watsopano. Pamwamba pa makwerero pali kondensa yobooka, kompresa, ndi evaporator, yomwe kuti aifikire amayenera kumasula dashibodi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu kapena kuposa.

Chimene chinandiopsa ndi mmene vuto laling'ono limakwerera makwererowa lokha. Mafuta ofewetsa kompresa amayenda limodzi ndi gasi. Gasi akamathawa, mafuta nawo amatuluka, ndipo kompresa imayamba kudzidya. Tizitsulo take timamwazikira m'mapaipi monse. Pamenepo sugulanso kompresa yokha: uyenera kutsukitsa mapaipi, kusintha kondensa ndi kabotolo koumitsa chinyezi. Kamphira ka mtengo wa chitumbuwa kakhoza kukugulitsa ng'ombe.

Kukhala kutali ndi tauni kumawonjezera pake. Zipangizo zambiri zimachokera ku Lusaka kapena ku Chipata, zimabwera pa basi, ndipo kawirikawiri n'zochotsa pa motoka ina yophwasulidwa. Akakutumizira yolakwika, umalipira katundu kawiri n'kudikiranso. Palinso ena amene amathira gasi wa mafiriji a m'nyumba, R600a, chifukwa ndiye ali pafupi, koma gasi ameneyu amayaka moto. Motoka ngati yanga imafuna R134a, amene analowa m'malo mwa R12 pambuyo pa pangano la ku Montreal la 1987 loteteza mlengalenga. Mtundu wa gasi ndi kulemera kwake zinalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa boneti. Pa motoka yaing'ono amakhala pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo amayenera kuyezedwa pa sikelo, osati kumva ndi dzanja.

Pa Corolla yanga mdala uja anapaka thovu la sopo m'mapaipi ndipo linafufuma pakona ya kondensa, pomwe panagunda mwala. Ananditchulira mtengo wa kondensa, gasi ndi ntchito yake. Nditawerengera, zinafanana ndi theka la ndalama za nshawa zomwe tinagulitsa chaka chimenecho.

Kunyumba nkhaniyi sinali yophweka. October ndi mwezi wogula feteleza ndi mbewu, ndipo amake ana anali atawerengera kale ndalamazo. "Mphepo yozizira tidzadya?" anandifunsa. Funso lawo linali loona, ndipo ine ndinalibe yankho lina koma kupuma kwa amayi pa Luangwa. Tinakhala pansi madzulo awiri. Mapeto ake tinachepetsa munda wa chimanga n'kuwonjezera nshawa, zomwe sizilira feteleza wambiri, ndipo kondensa inabwera pa basi. Walira mvula walira matope: amene wagula motoka wagulanso zowola zake.

Mdalayo asanathire gasi anayamba wapopa mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipi, n'kudikira kuti aone ngati singano ya geji isuntha. Magetsi anazima pakati pa ntchito, iye anangokhala pampando mpaka atayaka. Pomaliza anandilangiza kuti ndiziyatsa aircon mphindi zingapo sabata iliyonse, ngakhale m'nyengo yozizira, kuti mafuta azifika ku timphira tija tisaume.

Masiku ano mnzanga akandiuza kuti akupita kukathiritsa gasi, ndimamupempha kuti akafunse mafunso atatu asanatulutse ndalama: gasi wathawira pati, muthira mtundu wanji, ndipo muyeza bwanji. Wokonza weniweni amayankha mosavuta. Amene akwiya ndi mafunsowa akugulitsa kuzizira kwa milungu iwiri, ndipo kuno amene amagula kuzizira kotero ndi ife omwe tilibe ndalama zolipira kawiri.