Simenti ya Okotobala, Kwacha ya Novembala

Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi, imene inkagulidwa pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Ambiri a ife pasukulu pano timakumbukira sabata imeneyo chifukwa cha mtengo wa chipisi ndi bandulo. Koma pali gulu lina limene sitilikamba: amalonda amene anali atagwirizana kale mtengo, katundu asanaperekedwe yense.

Kwathu ku Chitipa katundu wambiri wa m'sitolo sachokera ku Blantyre. Kwa ife Mbeya ndi pafupi kuposa Lilongwe. Anthu amakapikula ku Tunduma, ku Nakonde kapena ku Mbeya komweko, ndipo kumeneko safuna kumva za kwacha yathu, amafuna shilingi kapena kwacha ya ku Zambia. Ndalama ikagwa m'mawa, pa boma mitengo imakhala yasintha dzuwa lisanalowe.

Amalume anga ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo fizi yanga imachokera m'sitolomo. Mu Okotobala chaka chimenecho anagwirizana ndi kontilakitala wina, amene ankamanga cha ku Misuku, kuti azimupatsa simenti: matumba 600, maulendo atatu, mtengo umodzi. Umboni wake unali kotesheni yodindidwa ndi mauthenga a pa WhatsApp basi. Ulendo woyamba unapita bwino. Wachiwiri anali atalandira dipoziti. Kenako kwacha inagwa. Amalume atawerengera anapeza kuti akapereka matumba 400 otsalawo pa mtengo wakale, ndiye kuti akumumangira munthu nyumba ndi mpamba wawo. Anaimitsa lole. Kontilakitalayo nayenso sanali wolakwa: ntchito anaipeza powerengera mtengo wa amalume, amisiri anali pamalo, mvula inali itayandikira, ndipo msewu wa ku Misuku mukuudziwa mmene umakhalira kukagwa mvula.

Mnzanga wina amene akuphunzira zamalamulo anandiuza mosapsatira kuti ku khoti amalume akanagwa nawo mlanduwo. Malamulo athu a mgwirizano wa malonda tinatengera ku England, ndipo kumeneko anagamula kalekale kuti kudula kwa zinthu si chifukwa chothawira lonjezo. Anandiwerengetsa mlandu wa Tsakiroglou ndi Noblee Thorl, umene ndinaukonda chifukwa ndi wa mtedza. Mu Okotobala 1956 kampani ina inalonjeza kutumiza matani 300 a mtedza kuchokera ku Sudan kupita ku Hamburg. Mwezi wotsatira ngalande ya Suez inatsekedwa chifukwa cha nkhondo. Njira yotsala inali yozungulira kumunsi kwa Africa, yodula pafupifupi kawiri, ndipo ogulitsa anakana kutumiza. Mu 1961 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linati ogulitsawo ndi olakwa: njira inalipo, kungoti inali yodula. Koma taonani zaka zake. Mtedza wa 1956, chigamulo cha 1961.

Apa ndi pamene nkhani ya kwathu inasiyanira ndi ya m'buku. Khoti Lalikulu lili ndi nthambi yoona milandu ya zamalonda kuyambira mu 2007, koma kwa munthu wa ku Chitipa Khoti Lalikulu lapafupi lili ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga. Onjezerani loya, thiransipoti, malo ogona. Ndiponso malamulo a 2017 oyendetsera milandu ku khotiko amati milandu yambiri yotere iyambe yadutsa kwa mkhalapakati, yemwe amakhala jaji, kuti mbali ziwirizo ziyese kumvana. Ndiye kuti munthu ukanayenda ulendo wonsewo kuti akakuuze kuti khalani pansi mukambirane.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kontilakitala uja ndi amene anayamba kufunafuna munthu wowakhazika pansi, ndipo anapeza bambo wina wopuma pa ntchito amene onse awiri amamulemekeza. Ine ndinali pa holide, choncho ndinaitanidwa kuti ndizilemba, poti "mwana wa ku yunivesite" ntchito yake ndi imeneyo. Chimene ndinachita nacho chidwi n'chakuti bamboyo sanafunse kuti wolakwa ndani. Anati, "Bambo, tabweretsani malisiti a kumene mumapikula, akale ndi atsopano." Kwa winayo anati, "Inu achimwene, mukachedwa kumaliza, amene anakupatsani ntchito akudulani zingati?" Manambala atakhala patebulo, kukuwa kunachepa. Anagwirizana kuti matumba 200 a dipoziti aperekedwe pa mtengo wakale, chifukwa ndalamayo amalume anailandira kwacha ili ndi mphamvu. Pa matumba 200 omaliza, kusiyana kwa mtengo anagawana pakati, ndipo kontilakitala anati atumiza lole yake. Onse anatuluka ali ndwii. Simenti inakwera phiri sabata yomweyo.

Musafulumire kuwomba m'manja n'kumati chikhalidwe chathu chaposa khoti. Ine ndimakana zimenezo. Zinatheka chifukwa awiriwa anali ofanana mphamvu: wina anagwira simenti, wina anagwira ndalama, ndipo aliyense adzamufunanso mnzake chaka chamawa. Koma taganizirani mayi wa ku Nthalire amene walonjeza kupereka matumba a nyemba kwa wogula wamkulu wa m'tauni, watumiza, kenako akuuzidwa kuti nyemba zake si zabwino ndipo alandira theka. Iyeyo akakhala pansi "kukambirana" alibe chogwira m'manja. Mkhalapakati amamupempha kuti alolere, ndipo kulolerako kumakhala kwa mbali imodzi. Kwa iye pepala losainidwa, lonena kilogalamu, mtundu wa nyemba ndi tsiku lolipira, ndiye mphamvu yokhayo. Komabe kwathu ukapempha pepala amakufunsa kuti, "Kodi simukundikhulupirira?" ngati kuti wamutukwana munthu.

Chinanso, mapepala amene timalemba amangonena za tsiku labwino: kuchuluka, mtengo, siginecha. Sanena kuti kwacha ikagwa titani, pamene inali itagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Sanena kuti malire akatsekedwa titani. Mu Malichi 2025 boma lathu linaletsa kuitanitsa katundu wina wakunja, ndipo mu Epulo dziko la Tanzania linabwezera poletsa mbewu zochokera ku Malawi. Chiletso cha Tanzania chinangokhala masiku ochepa, koma nthochi ndi tomato sizidikira kuti nduna zikumane. Aliyense amene anali atalandira dipoziti ya katundu wodutsa pa Songwe sabata imeneyo anali ndi funso lomwe lija: atayepo ndani, wogula kapena wogulitsa?

Ena mwa ife tikamaliza digiriyi sitipeza ntchito ya mu ofesi. Tidzayamba kusapulaya nyemba, mapepala kapena nkhuku ku sukulu ndi ku malo ogona alendo, ndi mpamba wobwereka kwa achibale. Pa kotesheni yoyambayo pansi pamakhala malo okwanira mizere itatu: mtengowu ukhala masiku angati, ndalama ikagwa tigawana bwanji, ndipo tikasemphana tidzapita kwa ndani.