Kutuluka M'chipatala Sikuchira

Anzanga a m'midzi, ndifuna kukuuzani za kulakwa kumene ndinachitira atate anga, ine ndikuyesa kuti ndili kuwachitira chifundo.

Atate ali ndi zaka zoposa 70. Anagona masiku 10 m'chipatala ndi nthenda ya chibayo. Tsiku lowatulutsa, namwino anandiuza zinthu ziwiri: amalize mankhwala onse, ndiponso aziyenda pang'ono tsiku ndi tsiku. Za mankhwalazo ndinamvera, koma za kuyendazo ndinaziyesa mwano. Munthu wamkulu wochoka dzulo m'chipatala n'kumudzutsa pamphasa?

Unali mwezi wa December, udzu utakula m'chimanga. M'mamawa tinkawafunditsa bulangeti, kuwaikira madzi ndi phala pambali, ife ulendo wa kumunda. Akati adzuke, mlongo wanga ankawaletsa nati, "Gonani, Bambo, mungagwe."

Patapita masabata awiri chifuwa chinaleka, koma miyendo inali itafooka ndithu. Usiku wina anayesa kupita okha kuchimbudzi, pochita manyazi kutidzutsa, nagwa pakhomo. Mwayi wake fupa silinathyoke. M'mawa mwake tinaitana mlangizi wa zaumoyo, ndipo iye anationetsa khungu lofiira m'chiuno mwao, chiyambi cha chilonda chodza ndi kugonera mbali imodzi. Anati minofu ya nkhalamba imatha msanga ikakhala osagwira ntchito, ndipo kugona chagada tsiku lonse kumasunga makhololo m'chifuwa, kotero chibayo chikhoza kubweranso. Wodwala wosatha kutembenuka yekha ayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse. Ndinachita manyazi, pakuti amene anawafooketsa ndinali ine, osati nthenda.

Tinagawana masiku kuti mmodzi azitsala pakhomo. Apa mpamene panali mkangano, chifukwa khasu limodzi likasowa m'munda nthawi yopalira aliyense amaliona. Potsiriza tinaphika thobwa ndi kuitana dima.

Ndinawadulira ndodo ya nsungwi, ndi kumanga chingwe kuchokera pakhonde kukafika kuchimbudzi kuti azigwira, nyali ili pafupi ndi mphasa. Nsima yambiri inkawakanika, choncho tinkawapatsa pang'onopang'ono kasanu pa tsiku: phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, dzira, usipa, nthochi. Amene angapeze soya akazinge ndi kugayitsa pamodzi ndi chimanga, monga amachitira ndi Likuni Phala. Si chakudya cha ana okha ai.

Tsiku loyamba anafika pakhonde pokha, thukuta lili kamukamu. Sabata yotsatira anafika pankhokwe, kenaka pamtengo wa mango. Panapita miyezi iwiri kuti akafike kutchalitchi ndi miyendo yao.

Mbali ina ya munda wa mtedza inadyedwa ndi udzu chaka chimenecho. Atate ataiona anatikalipira kuti ndife aulesi, ataima pamzere ndi ndodo yao ya nsungwi ija.