Mano a Ang'ono Athu

Pa zinthu zonse zimene ife ana a sukulu yogonera pompano tiziopa, ndiyesa kuti kuwawa kwa dzino kuposa ngakhale mayeso a Masamu. Amene anagonapo pafupi ndi mnzake wodwala dzino adziwa chimene ndinena. Mnyamata wa Folomu 4, amene masana atilamulira ndi mawu aukali, usiku abuula ngati mwana, tsaya lili lotupa. M'mawa apita kuchipatala, ndipo kawirikawiri dzinolo alisiya komweko. Koma ine ndaona kuti matenda amenewa sayambira kuno ayi. Tibwera nawo kuchokera kwathu, ndipo anayamba tili aang'ono.

Kwathu akuluakulu amati mano a mwana alibe ntchito, popeza adzaguluka okha. Nzoonadi kuti mano oyamba, amene alipo 20, amaguluka kuti pamere a ukulu, amene amakwana 32. Koma aphunzitsi athu a Sayansi anatiuza chinthu chimene chinandidabwitsa kwambiri. Mwana akafika zaka ngati 6, kumbuyo kwenikweni kwa chibwano kumamera mano anayi aakulu, awiri kumwamba ndi awiri kumunsi. Amenewa amera mwakachetechete, popanda dzino lina kuguluka, kotero makolo ayesa kuti ndi aubwana omwe aja. Chonsecho ndi a moyo wonse. Likaola limodzi mwa iwo, palibe lina lidzamera m'malo mwake.

Pa tchuthi chapitachi ndinauza mlongo wanga wa zaka 7 kuti ayasamule. Pa limodzi la mano amenewa ndinaona kadontho kakuda, koma iye anati sakumva kuwawa. Agogo anati, "Mdzukulu wanga, imeneyo ndi mphutsi, idzatuluka yokha." Ndinawayankha mwaulemu kuti m'dzino mulibe mphutsi. M'kamwa mwathu muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tidya shuga wotsalira pa mano ndi kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye akumba dzino pang'onopang'ono. Choopsa kwenikweni ndi kudya zotsekemera pafupipafupi: switi m'mawa, tiyi wothira masupuni atatu, kenaka zakumwa za m'botolo. Dzino silipeza nthawi yopuma.

Amayi anakayika, pakuti ulendo wa kuchipatala udya ndalama, ndipo mwanayo anali kusewera bwinobwino. Komabe tinapita. Adokotala a mano anapala pakuda paja ndi kumatapo, ndipo ntchito yonse sinathe ola limodzi. Anatiuza kuti tikadadikira kufikira litayamba kuwawa, mwina akadalizula.

Anatiuzanso za khanda lathu. Dzino loyamba limera mwana ali ndi miyezi ngati 6, ndipo kutsuka kuyenera kuyamba pomwepo, kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndi kamswachi kofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ochepa ngati kambewu ka mpunga. Ndiponso mwana aonedwe ndi wodziwa za mano asanapitirire chaka chimodzi. Mano aubwana nawonso ali ndi ntchito yake: asungira malo a ukulu, ndipo akazulidwa msanga, enawo amera mopanikizana.

Ndidziwa kuti ena a inu museka. Mudzati, ndani anyamula mwana wabwinobwino kupita naye kwa dokotala? Koma kodi amayi athu sapita ndi makanda kusikelo mwezi ndi mwezi, asakudwala konse? Palibe amene aseka zimenezo.

Chovuta nchakuti madokotala a mano ngochepa m'dziko muno. Kale wofuna digiri ya ntchitoyi anali kupita kunja, kufikira mu 2019 pamene maphunziro ake anayamba ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Alipo anzanga awiri m'kalasi mwathu amene ayamba kale kufunsa aphunzitsi kuti kumeneko afuna mapointi angati.